Serena adapambana ali ndi pakati, nanga inu?

Pali mawu ena amene munthu ukamawalankhula umaona ngati wanena zanzeru, koma pakapita zaka ukawakumbukira thupi lonse limachita tsembwe. Anga ndi awa: "Serena adapambana chikho ali ndi pakati, nanga inu chikukuvutani n'chiyani?" Ndidawalankhula kwa mayi akunyumba kwanga m'chaka cha 2017, osati kamodzi kapena kawiri ayi. Lero ndati ndiulule pano, kuti mwina mnyamata wina amene wangolowa kumene m'banja asadzapalamule monga ndidapalamulira ine.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kudabwa kuti munthu wa ku Machinga adadziwana bwanji ndi tenisi. Kwathu kuno mpira ndi wa Bullets ndi Wanderers, ukachoka apo ndi wa ku England basi. Koma ine nthawi imeneyo ndinkagulitsa zakumwa pamalo ena ogona alendo pa Liwonde, m'mbali mwa Shire. Alendo ambiri adali azungu odzaona nyama ku Liwonde National Park, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 nkhalangoyi idatchuka zedi kaamba ka ntchito yosamutsa njovu 500 kuchoka kumeneko ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Alendowo akafika pakauntala ankapempha kuti ndiwaikire tenisi pakanema. Poyamba zinkanditopetsa. Anthu awiri akuluakulu kumangobwezerana kampira, ndiye mawerengedwe ake osamveka mutu: 15, 30, kenako 40. Ndinkati adawaphunzitsa masamu anthu amenewa ndani? Koma pang'onopang'ono ndidalowerera, mpaka ndidafika poika tenisi ngakhale palibe mlendo, anzanga akung'ung'udza kuti ndawabisira Arsenal.

Kwa amene simutsata masewerawa, pachaka pamakhala mipikisano ikuluikulu inayi. Woyamba umachitikira ku Melbourne m'dziko la Australia mu Januwale, wachiwiri ku Paris pabwalo la dothi lofiira, wachitatu ndi wa Wimbledon ku London pakapinga, ndipo wotsiriza ndi wa ku New York, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Seputembala. Uliwonse umayamba ndi amuna 128 ndi akazi 128, ndipo kuti munthu anyamule chikho ayenera kugonjetsa anzake 7 motsatizana m'masabata awiri. Ukangogonja kamodzi, kalongedze katundu. Mipikisano inayi ya 2017 ndimaikumbukira ngati yadzulo, chifukwa idayenda limodzi ndi pakati pa mkazi wanga, kuyambira pa mseru mpaka usiku umene ndidatsala pang'ono kuferedwa.

Loweruka pa 28 Januwale, cha m'ma hafu teni m'mawa, ndidaonera Serena Williams akusewera ndime yomaliza ndi mkulu wake Venus, ana a mimba imodzi. Serena adapambana 6-4, 6-4, ndipo chidali chikho chake chachikulu cha nambala 23, kumudutsa Steffi Graf wa ku Germany amene adalekezera pa 22. Mawa lake Roger Federer, ali ndi zaka 35, adakumana ndi mdani wake wakale Rafael Nadal. Federer adali atakhala miyezi 6 osasewera kaamba ka bondo, ndipo ambiri tinkati mkuluyu watha. Adalimbana maola oposa atatu ndi theka. Mu seti yachisanu Nadal adatsogola 3-1, koma Federer adatenga magemu asanu otsatizana n'kuthetsa nkhani. Ndidakuwa mpaka alonda adathamangira kubala kuganiza kuti kwalowa akuba.

Nditafika kunyumba ndi chimwemwe changacho, ndidapeza moto wosasonkha, mayi ali gone pamphasa, beseni lili pambali. Mwana wathu woyamba, wa zaka zitatu, adali atadya kwa aneba. Adali masabata oyamba a pakati pachiwiri. Ndidadzuma, koma sindidanene kanthu. Chimene chidandipweteka mtima n'choti kumunda kudali kutabuka mbozi zachilendo zija zidayamba kusautsa chimanga chaka chimenecho, ndipo amene akadapita kukathira phulusa ndi mchenga m'mitima ya chimanga adali gone apo.

Mu Epulo ndi pamene ndidapeza chibonga changa. Serena adaika chithunzi pafoni cholengeza kuti pakati pake pakwana masabata 20. Anthu adawerengera chambuyo, n'kupeza kuti tsiku lija ankagonjetsa Venus ku Melbourne adali ndi pakati pa miyezi pafupifupi iwiri. Dziko lonse lidaomba m'manja. Ine ndidaomba nawo, kenako n'kuitenga nkhaniyo kupita nayo kunyumba ngati mkwapulo.

Idali nthawi yokolola. Mayi adati msana ukuwapweteka, sangathe kusenza dengu la chimanga kuchokera kumunda, ndipo adapempha kuti tipeze aganyu.

"Aganyu ndi ndalama ziti?" ndidatero. "Serena adapambana chikho ali ndi pakati, kuthamanga dzuwa lili tswee, nanga inu chikukuvutani n'chiyani?"

"Abambo, pakati apa sipali ngati poyamba paja," adandiyankha motsitsa mawu. "Ndikudzimva ndekha."

Mawu amenewo, oti ndikudzimva ndekha, adawabwereza chaka chonse, ndipo ine ndidawalumpha chaka chonse. Kunena chilungamo, Serena sadayambitse khalidwe langali. Ndidakula ndikumva kuti amayi anga ankachokera kumunda tsiku lochira, ndipo amuna ambiri kuno tili ndi nkhani yotere m'thumba. Ena amatchula agogo awo, ena mkazi wa aneba amene amapita kuchigayo ndi mimba ya miyezi 9. Ine ndidangosiyana nawo poti chitsanzo changa chidali cha pa dishi, ndiye ndinkadziona ngati wotsogola. Anzanga kubala nawo ankandikuwizira, amvekere, "Auze, akazi amasiku ano ulesi." Amene adandiletsa ndi alonda aja okha, bambo achikulire a ku Ntaja. Adanditengera pambali n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine ndili ndi ana 9. Palibe mimba idafanana ndi inzake, ngakhale mayi ndi mmodzi yemweyo." Ndidati zikomo madala, m'mtima ndikuti akulankhula zakale.

Chodabwitsa n'choti chaka chomwecho tenisi inkandiphunzitsa zosiyana ndi zimene ndinkalalikira kunyumba, koma maso anga adali pachikho basi. Taonani. Mpikisano wa ku Paris utafika kumapeto kwa Meyi, Federer sadapiteko n'komwe. Sadali wovulala. Adangoona kuti thupi la zaka 35 silingapirire bwalo la dothi kenako n'kudzasewera bwino pakapinga, ndiye adapumula nyengo yonseyo. Ine pakauntala ndinkamuikira kumbuyo, kufotokozera alendo kuti katswiri weniweni amamvera thupi lake. Nadal adatsala yekha ngati mkango m'khola la mbuzi. Adakwapula Stan Wawrinka 6-2, 6-3, 6-1 n'kutenga chikho cha ku Paris kachikhumi, zimene padali pasadachitikepo. Kwa akazi kudatulukira kamtsikana ka ku Latvia, Jelena Ostapenko, kamene kadakwanitsa zaka 20 mpikisano uli mkati. Kadali katagonja kale seti yoyamba, yachiwiri kali kumbuyo 3-0, koma kadamutembenukira Simona Halep n'kupambana. Serena kudalibe. Chichokereni ku Melbourne sadasewerenso mpikisano uliwonse chaka chonsecho. Adakhala pansi kusamala pakati pake. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe, koma kunyumba sindidazitchulepo.

M'masiku a Paris omwewo mayi adabwera kuchokera kusikelo n'kundipatsa buku lawo la kuchipatala. Adati anamwino anena kuti BP yakwera pang'ono, ndipo ulendo wotsatira tidzapite limodzi. Bukulo ndidaliika pawindo osalitsegula. Kusikelo sindidapondeko ngakhale tsiku limodzi. Ndinkati n'zachizimayi, komanso ndinkachita manyazi kukakhala pabenchi pakati pa azimayi akuimba nyimbo zawo zija. Anyamata, manyazi amenewo ndi opanda phindu. Zimene anamwino amaphunzitsa pabenchi paja ndi zomwe zikadandithandiza patatha miyezi itatu.

Julayi adafika ndi chisanu chake, ndipo ndi pamene ndidachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Ku Wimbledon, Venus, ali ndi zaka 37 komanso akulimbana ndi matenda a Sjögren amene amafooketsa thupi, adafikanso m'ndime yomaliza, koma Garbiñe Muguruza wa ku Spain adamugonjetsa 7-5, 6-0. Lamulungu pa 16 Julayi Federer, atapumula mokwanira, adakumana ndi Marin Cilic wa ku Croatia, chimunthu chachitali ngati mlongoti. Seti yachiwiri ili mkati, Cilic adakhala pampando n'kuyamba kulira, misozi chuchuchu, thaulo kumutu, madokotala atamuzungulira. Vuto lidali thuza kuphazi. Bala yonse idafa ndi phwete. Mwamuna wamkulu kulira thuza! Ine ndiye ndidapsa mtima. Ndidawauza anzangawo kuti asaseke, ululu amaudziwa ndi mwini thupi, inu mukungoona pakanema simungadziwe mmene phazilo likuwawira. Ndidamuyankhulira munthu wa ku Croatia amene sadziwa n'komwe kuti padziko pali malo otchedwa Liwonde.

Federer adapambana 6-3, 6-1, 6-4, chikho chake cha Wimbledon cha nambala 8, osataya seti ngakhale imodzi mpikisano wonse. Ndinkamukonda mkuluyu mwapadera chifukwa mayi ake ndi a ku South Africa, ndipo mu 2015 adabwera kuno ku Malawi kudzaona sukulu zamkombaphala zimene bungwe lake limathandiza. Usiku umenewo ndidafika kunyumba ndikuimba mluzu. Ndidapeza mayi atakhala pampando, mapazi ali m'beseni. Adali atatupa moti masilipasi sankalowa, ndipo mphete adali ataivula chifukwa zala zidanenepa. Adandionetsa. Ine amene ndidangochoka kuikira kumbuyo thuza la Cilic ndidati, "Zimenezo ndi za mimba, mwina ndi mapasa. Federer ali nawo mapasa kawiri." N'kuseka ndekha.

Kumapeto kwa Ogasiti mayi adapita kwawo, mudzi wina kufupi ndi Ulongwe m'boma la Balaka, kuti akadikirire pafupi ndi amayi awo. Pa 1 Seputembala nkhani idamveka kuti Serena wachira, mwana wamkazi. Patangopita masiku anayi nafenso tidalandira mwana wamkazi, kuchipatala chaching'ono chakufupi ndi mudziwo. Adachira bwinobwino, popanda mpeni, ndipo adawatulutsa. Ine ndidati nkhani yatha. M'mutu mwanga, ngozi ya uchembere imathera pamene mwana walira. Ndidafika pouza anthu kuti mwanayo dzina lake ndi Serena, ngakhale kuti kupereka dzina sikudali kwa ine ndekha.

Loweruka pa 9 Seputembala masana ndidakwera minibasi kukawaona. Mwana adali asadatuluke m'chikuta, choncho ndidaima pakhomo, iwo ali mkati mwa mdima. Adandiuza kuti mutu ukuwapweteka kuyambira dzulo lake, mutu wachilendo, ngati wina akumenya ndi hamala, ndipo Panado sakuthandiza. Adati maso akuchita chidima, nthawi zina akuona timoto tikuthwanima, komanso pansi pa nthiti kudzanja lamanja pakuwawa. Adapempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndidayang'ana wotchi. Usiku umenewo 10 koloko kudali ndime yomaliza ya akazi ku New York, ndipo ntchito ndinkalowa 5 koloko. Ndidati, "Ndi tulo timeneto, mwana akukusowetsani mtendere usiku. Imwani madzi ambiri. Zikapitirira tidzapita Lolemba." Dzina la Serena sindidalitchule ulendo uno, koma adalimva ndithu. Sadayankhe. Ndidasiya shuga, sopo ndi ndalama pang'ono kwa apongozi, n'kubwerera pa Liwonde.

Usikuwo Sloane Stephens adagonjetsa mnzake wapamtima Madison Keys 6-3, 6-0. Mtsikanayu adachitidwa opareshoni ya phazi mu Januwale, adakhala miyezi 11 osasewera, ndipo masabata ochepa mpikisanowo usadayambe adali pa nambala 957 padziko lonse. Adalandira cheke cha 3.7 miliyoni dolazi. Naye adapambana atadikira kuti phazi lipole, koma ine ndidangoona chekecho.

Lamulungu ndiye kudali khwimbi. Kevin Anderson, mwana wa ku Johannesburg wotalika mamita awiri ndi kachidutswa, adafika m'ndime yomaliza kukakumana ndi Nadal. Kwathu kuno nyumba zambiri zili ndi munthu ku Joni, ndiye ngakhale amene sadziwa tenisi adabwera kudzaona wa ku Africa. Magetsi adali atazima monga zinkachitikira kawirikawiri chaka chimenecho, tidaliza jenereta, ndipo foni yanga ndidaisiya patchaja kuseri kwa furiji. Nadal sadamumvere chisoni Anderson, adamupatsa 6-3, 6-3, 6-4. Pamene ndinkatseka bala cha m'ma 1 koloko usiku, ndidatenga foni ija. Padali mamisidikolo 14, onse a mlamu wanga, ndi uthenga umodzi: bwerani kuchipatala chachikulu, achemwali akomoka.

Zimene zidachitika ndidazimva pambuyo. Cha m'ma 10 koloko, nthawi yomwe Nadal ankamenya mpira woyamba, mayi adauma thupi, maso kutembenuka, n'kuyamba kuphupha ngati munthu wa khunyu, mwana ali pambali. Anthu ena pamudzipo adayamba kale kunena za ufiti, ena za mdulo, kuti kapena bambo wa mwanayu wayenda molakwika. Apongozi ndi amene adakana zotaya nthawi. Mlamu wanga adadzutsa wa kabaza wanjinga yamoto, adawakhazika pakati iye atawagwirira kumbuyo, mpaka kuchipatala chaching'ono chija. Kumeneko adawabaya jakisoni n'kuitanitsa ambulansi.

Ndidafika kusadache. Ndidawapeza ali pa diripi, nkhope itatupa moti ndikadawadutsa, lilime atadziluma. Dokotala wachinyamata, mwina wamng'ono kwa ine, adanditengera pakhonde. Adandifotokozera kuti ndi matenda a kuthamanga kwa magazi kobwera ndi uchembere, amene akakula amagwetsa munthu chotere, ndipo amatha kubuka ngakhale mayi atachira kale, makamaka m'masiku oyambirira. Adati awapatsa mankhwala otchedwa magnesium sulphate oletsa kuphuphako, ndi ena otsitsa BP. Kenako adandifunsa funso losavuta.

"Bambo, mutuwu udayamba liti?"

"Lachisanu."

"Adakuuzani?"

"Adandiuza."

Sadandikalipire. Adangolemba m'faelo n'kulowa. Bola akadanditukwana.

Apongozi adali atakhala pansi pakhonde lomwelo, khanda lili m'manja. Mwa mwambo wathu sitiyang'anizana kawirikawiri, ndipo chikwatirireni adali asadandilankhulepo mawu okhadzula. Tsiku limenelo adalankhula akuyang'ana pansi, mwaulemu wonse. "Apongozi, mwana wangayu ndidakupatsani ali ndi pakamwa. Akamalankhula muzimva." Mawu ake adali omwewo. Ankhoswe atadzakhala pansi patatha masabata awiri adalankhula zambiri, mpaka amalume ake a mayi adafunsa ngati kanemayo ndi amene ndidamufunsira mbeta, koma zimene zidandilowa ndi za pakhonde zija.

Mayi adakhala m'chipatala masiku 6. Adatuluka ndi moyo, ndipo sadapuwale ziwalo, zimene dokotala adati si onse amachita nazo mwayi.

Tsono apa ndilankhule nanu anyamata ndi abambo anzanga, komanso inu apongozi ndi azakhali amene mumasunga wochira kumene. Sindikunena kuti mayi woyembekezera azingogona ngati wodwala. Anamwino omwe amalimbikitsa kuyendayenda ndi kugwira ntchito zopepuka. Koma pali zizindikiro zimene sizidikira Lolemba. Mutu waukulu wosamva mankhwala, chidima kapena timoto m'maso, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti: zimenezi ndi zomwe mkazi wanga adandiwerengera pakhomo paja, chimodzichimodzi, ngati akuwerenga pachikwangwani cha kusikelo. Onjezani kutaya magazi kwambiri, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, kubanika kapena kupuma movutikira, ndi mwendo umodzi kutupa n'kumapweteka. Zikaoneka, kaya mayi akadali woyembekezera kaya adachira kale, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Ndalama ya kabaza muziisunga padera mwezi usadakwane, ndipo isathe ntchito poti mwana wabadwa. Masabata 6 oyamba mayi akadali pangozi, n'chifukwa chake akuchipatala amafuna kumuonanso m'masiku amenewo. Ife timathamangira kuona ngati khanda lafanana ndi bambo ake, wobereka uja osamufunsa n'komwe kuti wadzuka bwanji. Ndipo foni, abale anga, m'masiku amenewo isamakhale kuseri kwa furiji.

Mbali yotsala ya nkhani ya Serena ndidaimva mu Januwale 2018, pamene iye mwini adafotokozera magazini ya Vogue zimene zidamuchitikira. Ndidawerenga pafoni ndili pakauntala, ndipo miyendo idalefuka. Mwana uja adabadwa pa opareshoni yadzidzidzi. Mawa lake Serena adayamba kubanika. Popeza adadwalapo kale matenda a kuundana kwa magazi m'mapapo mu 2011, adazindikira msanga, n'kuuza namwino kuti akufunika kuunikidwa m'chifuwa ndi makina komanso kupatsidwa mankhwala osungunula magazi. Namwinoyo adaganiza kuti mankhwala opha ululu amusokoneza mutu. Madokotala adayamba n'kuunika miyendo, osapeza kanthu. Iye adaumirira, ndipo atamuunika m'chifuwa adapezadi timibulu ta magazi m'mapapo. Kutsokomola kudaphulitsa bala la opareshoni, adabwereranso kumpeni, ndipo atatuluka adakhala masabata 6 ali chigonere.

Ndidakhala ndikuganiza. Uyu ndi mayi amene dziko lonse limamudziwa, wa ndalama zosawerengeka, ali m'chipatala cha ku America, thupi lake ndiye khasu lake ndipo amalidziwa kuposa aliyense. Komabe atanena kuti ndikudzimva ndekha, adayamba amukayikira. Nanga mkazi wa m'mudzi wa ku Ulongwe, amene woyamba kumuuza ndi mwamuna wake ataima pakhomo akuyang'ana wotchi? Serena adali ndi mphamvu zoumirira mpaka adamumvera. Wanga ndidali nditamuphunzitsa kwa miyezi 5 kuti akadandaula amva za Serena, mpaka tsiku lofunika lija adangokhala chete.

Madzulo ake ndidawafotokozera mayi zonse, kuyambira za kubanika mpaka za masabata 6. Ankasenda chinangwa, ndipo sadasiye. Nditamaliza adafunsa, "Ndiye Serena wanu uja nayenso ndi munthu eti?" Ndidati eya. Ndidapepesa, kupepesa kwenikweni, osati kuja ndidachita pamaso pa ankhoswe kongofuna kuti mlandu uthe. Adati amva. Za dzina adakanitsitsa. Adati m'nyumba mwawo dzina limenelo adalimva kokwanira, ndipo mwanayo adapatsidwa dzina la agogo ake, amene adadzutsa mudzi usiku uja.

Serena adabwereradi pabwalo mu 2018. Adafika m'ndime yomaliza kanayi, kawiri ku Wimbledon ndi kawiri ku New York, koma chikho cha nambala 24 sadachipeze, ndipo mu 2022 adatsanzika ku New York. Chija cha ku Melbourne, chimene ndinkakwapula nacho mkazi wanga, chidali chachikulu chake chotsiriza. Federer naye adasiya mu 2022, Nadal mu 2024. Ife pakati pachitatu padabwera mu 2021, ndipo pabenchi ya kusikelo ndidakhalapo ulendo uliwonse, buku lili m'manja mwanga. Nyimbo zija ndidaimba nawo, ngakhale mawu anga ndi a chule. Nambala za BP ndimaziwerenga tsopano bwino kuposa 15, 30, 40.

Tenisi sindidasiye kuonera, ndipo chodabwitsa n'choti mayi adayamba kuonera nawo. Amakonda Nadal, ati chifukwa amatuluka thukuta ngati munthu wolima. Ndi iwo amene adagwira nkhani yoti pamene ankatenga chikho cha ku Paris cha nambala 14 mu 2022, phazi lake ankalibaya jakisoni wochititsa dzanzi kuti athe kusewera. Adaisunga nkhaniyo mwakachetechete. Tsiku lina chimfine chidandigwira, ndili gone m'bulangete ndikubuula ngati ndikutsirizika, ndikuitanitsa phala ndi madzi a mandimu. Adalowa, adaima pakhomo, n'kuyang'ana padzanja pomwe palibe ndi wotchi yomwe.

"Dzukani abambo. Nadal adapambana phazi lili dzanzi, nanga inu chikukuvutani n'chiyani?"

Phalalo adabweretsa ndithu, koma adayamba aseka mpaka kugwira chitseko.